Mayi Nachisale ndi Manambala a Msewu wa 401

Mwezi uno takwanitsa chaka chiwaikireni Mayi Nachisale m'manda ku Hamilton, ndipo amayi a kumpingo kwathu kuno ku Oshawa, m'dziko la Canada, andipempha kuti ndilembe mawu owakumbukira. Ndinavomera msanga. Koma nditakhala pansi ndapeza kuti zimene zikubwera m'mutu si nyimbo zimene ankakonda, kapena mapemphero awo ataliatali aja. Ndikumva mawu awo ali pampando wa pambali panga m'galimoto, chala chitaloza kutsogolo, akundikalipira: "Mwai, werenga chikwangwani! Maso anakupatsa Mulungu, foni unachita kugula."

Anali a ku Dedza, namwino woyendera odwala m'makomo. Anali aafupi kwambiri moti poyendetsa galimoto ankakhalira khushoni, ndipo munthu wobwera m'mbuyo mwawo ankangoona duku likusuzumira pamwamba pa mpando. Sanali mphunzitsi wa sukulu yoyendetsa galimoto. Iwo ankatola ife amene layisensi tinali nayo kale m'chikwama, koma msewu waukulu wa 401 tinkauopa. Tinalipo ambiri, makamaka amayi ogwira ntchito yosamalira okalamba, amene tinkalolera kuzungulira m'timisewu ta m'tauni kapena kudikira basi m'chipale chofewa kusiyana n'kulowa pakati pa mathiraki.

Phunziro loyamba silinkachitikira m'galimoto. Ankakukhazika patebulo la kukhitchini kwawo, n'kukuthirira tiyi, kenako n'kugoneka mpeni wautali wa buledi pakati pa tebulo. Mpeniwo unali 401. Kuchigwiriro kunali Windsor, kumalire a America, kunsonga kunali malire a Quebec. Masipuni anali misewu ina: 400 yopita kumpoto, 404 yodutsa ku Markham, 403 yotsikira ku Hamilton. Ankati msewu uliwonse wa manambala atatu woyamba ndi folo ndi wa banja limodzi, banja la misewu yopanda maroboti, yopanda munthu wodutsa wapansi, yolowera ndi kutulukira pamalo ake okha. Ina mwa iyo inatenga dzina kwa makolo: 427 ndi mwana wa msewu wakale wa 27, 410 ndi mwana wa 10. Chikwangwani chikakhala ndi chisoti chachifumu pamwamba, msewuwo ndi wa boma la Ontario. Chikakhala chooneka ngati mphika wa maluwa, ndi wa dera, ndipo usayembekezere kuti ukufikitsa kutali. Pakati pa Toronto, pamene 401 imatambasuka ngati dambo, zikwangwani zobiriwira ndi za njira zam'kati, za anthu opita kutali, pamene zabuluu ndi za njira zam'mbali, za anthu ofuna kutuluka.

Koma chimene ankabwereza mpaka kutopetsa chinali cha manambala a potulukira. Ankati manambala amenewo sanangowalemba mwachisawawa, ndi makilomita owerengedwa kuchokera ku Windsor. Ukamapita kum'mawa amakwera, ukamapita kumadzulo amatsika. Munthu wodziwa zimenezi, iwo ankatero, akhoza kusokera koma sangatayike, chifukwa zikwangwani ziwiri zotsatizana zimamuuza kumene walunjika. Ankadana ndi kamkazi kolankhula m'foni kaja. Ankati kamakuuza kokhotera koma sikakuuza kumene uli, ndipo tsiku limene kadzakhale chete udzalira ngati mwana wosiyidwa pamsika.

Anali aukali, ndisabise. Ine anandiliritsa tsiku lina pa Ajax chifukwa ndinaponda mabuleki polowa mumsewu m'malo mowonjezera moto. Ena anasiya atangophunzira kamodzi. Amuna ena sankawafuna n'komwe, ankati akuphunzitsa akazi awo kuyendayenda. Bambo wina anawanena pamaso pa anthu titatuluka m'tchalitchi, iwo n'kumuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumufunsa kuti tsiku limene adzagwe m'bafa, akufuna mkazi wake adzamubereke kumsana kupita naye kuchipatala? Mkazi wake lero amayendetsa mpaka ku Ottawa.

Ukali umenewu unali ndi pochokera. Iwowo anafika kuno ku Canada ndi amuna awo, n'kukhala ku Hamilton zaka zambiri, ndipo nthawi yonseyo woyendetsa anali bambo. Mayi ankangokhala pambali n'kumasenda mtedza kapena kuwodzera. Bambowo atamwalira, ntchito inapezeka ku Oshawa, kumene nyumba zinalinso zotsikirako, ndipo anasamuka. Apa m'pamene anazindikira kuti sadziwa njira yopita kumanda a mwamuna wawo. Ankachita kupempha anthu kuti awaperekeze, anthuwo n'kumalonjeza, tsiku likafika n'kupeza chifukwa. Anandiuza kuti tsiku lina anakonza maluwa, anavala, anakhala pampando kudikira munthu amene sanabwere, mpaka maluwawo anafota ali pamiyendo. Sabata yotsatira anakalembetsa sukulu yoyendetsa galimoto, ali ndi zaka zopitirira makumi asanu. Mayeso anawalephera kangapo, ndipo sankachita manyazi kunena. Atakhoza, ulendo wawo woyamba unali wa ku Hamilton, okha, ndipo anakasokera pa QEW, msewu wokhawo wa m'banja lija umene suonetsa nambala, komanso zikwangwani zake sizinena kum'mawa kapena kumadzulo koma mayina a mizinda, chifukwa umakhota mozungulira nyanja. Anatsala pang'ono kufika ku Niagara. Kuyambira pamenepo ankautcha mwana wachisamba wonyada, wokana kuitanidwa ngati anzake.

Munthu yekhayo amene ankalimbana nawo mosaopa anali Bambo Tembo, a ku Katete ku Zambia, amene anapuma pantchito yogulitsa mankhwala ndipo ankakhala ku Markham ndi mwana wawo wamkazi, Misozi. Awiriwa akakumana pachikondwerero kapena pamaliro, anthu ankasendeza mipando kufupi. A Tembo ankayamba ndi kunena kuti Amalawi alibe chifukwa chophunzirira manambala, popeza dziko lawo lili ndi msewu umodzi wokha, M1, ndipo ukautaya ndiye kuti wagwera m'nyanja kapena walowa ku Zambia. Mayi ankabweza kuti bola ife tili ndi woyamba, Ontario yense alibe msewu wa nambala wani, nanga a Tembo ndi T4 yawoyo akudzitama chiyani. Zikatero a Tembo ankayamba kutchula malo a pamsewu wawo wochokera ku Lusaka, mmodzimmodzi ngati akuitana ana awo: Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa pamene basi iliyonse imaima anthu n'kugula nsomba zouma, Nyimba wa nthochi, Petauke, Sinda, Katete. Mayi ankatseka makutu ndi manja n'kumati amva kokwanira.

Anakanganapo zenizeni kamodzi. A Tembo anafunsa pagulu kuti ngati 427 ndi mwana wa 27, kodi 404 ya ku Markham ndi mwana wa 4, msewu umene uli kutali chakumadzulo? Funsoli linawakwiyitsa Mayi. Anapita kwawo atatupa, ndipo kwa milungu ingapo ankangopereka moni wa pakamwa. Kenako anabwera okha n'kuvomera kuti misewu yoyambirira anangoipatsa manambala motsatizana, za makolozo zinabwera pambuyo. Koma anabwezera pa Highway 7, msewu wodutsa pafupi ndi nyumba ya a Tembo. Anati gawo limenelo boma la Ontario linalisiya kalekale m'manja mwa dera, chisoti chachifumu chinachoka, koma anthu a ku Markham akulitchulabe dzina lakale ngati mkazi wosiyidwa ukwati amene akuumirira dzina la mwamuna. A Tembo anaseka mpaka kupukuta misozi.

Tsiku la maliro awo, ife amene anatiphunzitsa tinagwirizana kuti aliyense ayendetse yekha. Panalibe wokwera ya mnzake, panalibe woyendetsedwa ndi mwamuna. Tinanyamuka ku Oshawa m'mawa, mzere wa timagalimoto ta amayi ovala zoyera ndi zakuda, kudutsa pakati pa Toronto m'njira zam'kati, kukalowa 403 mpaka ku Hamilton. Mafoni tinawatsekera m'zikwama. Titafika kumanda, Mayi Banda, amene kale ankaopa ngakhale potuluka pageti, anatsika n'kunena kuti, "Akanakhala moyo akanatikalipira kuti tatsatana pafupi kwambiri." Tinaseka tikulira.

Koma nkhani imene ndikufuna anthu aidziwe inachitika zaka zingapo Mayi asanadwale. Linali Loweruka la mvula, nyengo imene masamba amakhala atayoyoka, ndipo ndinapita kwawo chakumasana kukawathandiza kupachika makatani. Nthawi imeneyo ndinali nditazolowera 401 ya kuno kwathu, koma pakati pa Toronto ndinali ndisanadutsepo ndikuyendetsa. Foni yawo inalira. Anayang'ana dzina n'kumwetulira.

"A Tembo, mwaganiza zodzagonja lero?"

Anaika foni poti tonse timve. Kumbuyo kwa mawu a bambowo kunkamveka mkokomo wa msewu ndi zopukutira galasi.

"A Nachisale," anatero a Tembo, mawu ali apansipansi, "nayenda maningi, koma Luangwa sinifika. Manje mlatho anauchotsa?"

Kumwetulira kuja kunazima. Tonse tinali titaona kuti miyezi imeneyo a Tembo ankaiwala mayina a anthu ndi kubwereza nkhani, koma tinkati ndi ukalamba chabe. Tsikulo, monga tinadzamvera pambuyo pake, ananyamuka ku Markham kubwera ku msonkhano wa abambo kuno ku Oshawa. Atatsika ndi 404, m'malo mokhotera kum'mawa anakhotera kumadzulo, ndipo penapake m'njiramo mutu wawo unawabwezera kwawo. Ankaona ngati ali pa T4, akupita ku Katete kukaona amayi awo, amene anamwalira kalekale.

Ine ndikanafuula kuti muli ku Canada, imani pomwepo. Mayi anandigwira dzanja mwamphamvu kuti ndikhale chete.

"Mlatho ulipo, achimwene," anatero modekha, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuwatcha choncho. "Simunafike chabe. Tandiwerengereni chikwangwani chikubwerachi. Nambala ili pakona pamwamba."

A Tembo anawerenga. "Thu fifite."

"Chabwino. Khalani kudzanja lamanja, musapikisane ndi mathiraki. Chikabwera china mundiuze."

Anaphimba foni ndi chikhatho n'kundinong'oneza kuti ndiimbire Misozi, kenako apolisi. Misozi anali kuntchito, ndipo atamva anangoti, "Auntie, where is he? Ali kuti adadi?" Kenako a Tembo anawerenga nambala yachiwiri, 238, ndipo Mayi anatseka maso.

"Manambala akutsika," anandiuza chapansipansi. "Akupita ku Windsor. Adutsa kale Cambridge, ali pafupi ndi Woodstock. Uwauze apolisi choncho."

Zinthu zinafika poipa pamene a Tembo ananena kuti kanyali ka mafuta kayaka, ndipo akuona ngati asokera, bola atembenuke pomwepo abwerere. Kutembenuka pa 401, pakati pa mvula, pamalo pamene 403 yochokera ku Hamilton imathira mathiraki ake mumsewu. Mayi anaimirira, foni ili pafupi ndi pakamwa.

"A Tembo, mwakhala mukundiuza zaka zonsezi kuti pa T4 munthu satembenuka asanafike pa Luangwa. Lero mukufuna mundichititse manyazi? Pitirirani. Mwadutsa Rufunsa, mlatho uli patsogolo panu."

"Rufunsa nadutsa?"

"Mwadutsa. Ine ndikuuzani poima."

Sanafune kuti atulukire potulukira wamba, chifukwa akanalowa m'timisewu ta m'minda momwe sitikanawapeza. Ankadziwa kuti kutsogolo pang'ono, chakufupi ndi Ingersoll, kuli malo opumirapo apaulendo, okhala ndi mafuta ndi zakudya, olowera kumodzi. Choncho anawayendetsa ndi pakamwa, chikwangwani ndi chikwangwani. Pakati pa zikwangwanizo ankawafunsa za nsomba za pa Luangwa, kuti zabwino ndi ziti, ndipo amayi awo amakonda zotani. Malo onse aja amene ankatsekera makutu anali atawasunga, mwa ndondomeko yake. Atawerenga 230, Mayi anati, "Tsopano muona chikwangwani cha foloko ndi pampu ya mafuta. Pamenepo ndiye pa Luangwa. Basi iliyonse imaima. Yatsani siginolo ya kumanja."

Tinamva kugunda kwa siginolo. Tinamva mkokomo ukuchepa. Kenako injini inazima.

"Nafika," anatero a Tembo. "Koma pasintha."

"Pasintha, inde. Lowani mkati mukhale pansi, musagule nsomba mpaka ine nditafika. Mumadziwa kuti amakuberani."

Atatero anandiponyera makiyi a galimoto yawo. Ndinati Mayi, pakati pa Toronto sindinayambe ndadutsapo. Anandiyankha akuvala jekete kuti iwo manja awo ali ndi ntchito yogwira foni, ndipo ngati ndikufuna tsiku labwino loyambira, limeneli ndi lomwelo. Khushoni yawo ndinaiponya kumbuyo. Ulendo wonsewo sanandikalipire ngakhale kamodzi. Ankangoloza ndi chala, zobiriwira, khala m'kati, kwinaku akucheza ndi a Tembo za sukulu imene anaphunzira ali mwana, za njinga ya bambo awo, za chaka chimene dzombe linadya mapira. Foni itatsala pang'ono kuzima anailumikiza kuchaja osadula mawu.

Tinawapeza atakhala patebulo la pafupi ndi zenera, wapolisi wachitsikana atakhala nawo, atawagulira tiyi. Nzeru zinali zitabwerera, ndipo chimenecho ndicho chinali chowawa kwambiri. Atationa anayang'ana pansi. Bambo amene nthawi zonse ankavala tayi ngakhale popita kokagula mkaka anali atakhala mapewa ali kugwa, chipewa chili m'manja.

"A Nachisale, nachita manyazi," anatero.

Mayi anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. "Manyazi a chiyani? Ine ndinakafika ku Niagara ndikufuna manda a mwamuna wanga. Inu mwangopitirira pang'ono." Anatenga kapu ya a Tembo n'kulawa. "Ndipo tiyi wake ndi wozizira. Mwai, kagule wina."

Misozi anafika patapita nthawi, maso ali ofiira, n'kuwakumbatira bambo ake. Kenako anatambasula dzanja kuti atenge makiyi amene anali patebulo. Mayi anaika chikhatho chawo pamwamba pa makiyiwo n'kumuyang'ana mtsikanayo. Anamutengera pambali, ndipo ndinamva akumuuza m'Chichewa chapang'onopang'ono kuti amve bwino: makiyi a bambo salandidwa pagulu ngati a mwana wolakwa, adzapereka okha. Anabwerera patebulo n'kuwauza a Tembo kuti maso awo a Mayiwo ayamba kuvuta, zikwangwani sakuziona bwino, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwerenga woti azikhala pambali pawo Lamlungu lililonse. Maso awo analibe vuto lililonse. A Tembo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikukhulupirira kuti anadziwa. Anakankhira makiyi kwa mwana wawo ndi chala chimodzi.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse Mayi ankadzuka m'mamawa kupita ku Markham kukawatenga, kubwera nawo kutchalitchi ku Oshawa, n'kukawatulanso madzulo. A Tembo ankakhala kutsogolo atavala tayi, akuwerenga chikwangwani chilichonse mokweza, ndipo ankakanganabe za M1 ndi T4 njira yonse. Anachita zimenezi mpaka pamene matenda anawagoneka Mayiwo. A Tembo akali moyo, ali kunyumba yosamalira okalamba, ndipo mayina athu onse anawaiwala. Maulendo a Lamlungu tinagawana ife. Akalowa m'galimoto amayang'ana woyendetsa, n'kufunsa kuti mayi wamfupi uja ali kuti. Timawauza kuti watsogola.

Sabata yatha ndinapita kunyumba imene Mayi ankakhala, kukatenga mapoto a mpingo amene anatsalira kwa woyang'anira nyumbayo. M'chipinda mwawo mukukhala anthu ena, pazenera pali makatani achilendo. Potuluka ndinazungulira kuseri, koimika magalimoto. Malo a Mayi anali a pakona, pafupi ndi mpanda, ndipo woyang'anirayo akuti alendowo alibe galimoto, choncho palibe amene wawatenga. Masamba aunjikana m'mbali mwa mpanda. Pakati pali banga lakuda la oyilo, ndipo pamzati wa mpandawo pakadali kachingwe kofiira kamene anamangirira kuti aziona poimira akamabwerera chambuyo, popeza mutu wawo sunkafika bwino pagalasi. Kachingweko kasuluka ndi dzuwa. Kuseri kwa mpandawo, kupitirira mitengo yopanda masamba, 401 imamveka ikungolira osapuma. Ndinaima pamenepo ndi mapoto m'manja mpaka mikono inatopa. Galimoto yanga ndinali nditaisiya kumsewu, kutali, ngakhale malowo anali opanda kanthu.